Ndapita ku Ise, koma kachisi wake sindinamuone. Chakale pamenepa n'chiti?

Mlendo_ku_Mie
Abale anga, ndabwera ndi dandaulo, mwina wina andimasula. Chino ndi chaka changa chachiwiri ndikugwira ntchito ku Nagoya, ndipo anzanga a kuntchito akhala akundiuza kuti munthu usamati wafika ku Japan usanaponde ku Ise Jingu, kachisi wamkulu kuposa onse wa chipembedzo cha Shinto. Amati ndi wa zaka pafupifupi 2,000. Loweruka lapitali ndinakwera sitima ya Kintetsu, ulendo wa ola limodzi ndi theka, n'kutsikira pa Iseshi. Ndinayambira ku Geku, kachisi wakunja, monga anandilangizira, kenako ndinakwera basi mpaka ku Naiku, kachisi wamkati.

Malowo ndi okongola, zimenezo sindikana. Umawoloka mlatho wamatabwa wa Uji, n'kuyenda pa timiyala tolira kuti tswa tswa pansi pa mitengo yoti anthu atatu sangaikupatire. Pamtsinje wa Isuzu ndinatsika n'kusamba m'manja ngati anzanga, madzi ake oti mwala uliwonse wapansi ukuoneka. Koma nditafika pa masitepe amiyala, kamera anati ibwerere m'thumba. Pamwamba ndinapeza chipata chotchingidwa ndi nsalu yoyera, kuseri kwake mipanda yokhayokha. Zomwe ndinaona ndi nsonga ya denga laudzu basi. Pobwerera m'pamene ndinamva kuti nyumbayo inamangidwa mu 2013. Mwana wanga woyamba ndi wamkulu kuposa kachisiyo! Ndiye zaka 2,000 zimene amanenazi zili pati?

Tsabola_Wakale
Achimwene, ndalama ya sitima yokhayo ndikumva nayo chisoni. Mukanapita ku Nara, ku kachisi wa Chibuda wa Horyuji, mukanakhudza matabwa enieni a zaka zoposa 1,300.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
A Mlendo, simunanamizidwe, kungoti amene anakutumizaniwo sanakufotokozereni. Ku Ise amamanga kachisi watsopano zaka 20 zilizonse. Mwambowu amautcha Shikinen Sengu. Amene anaulamula ndi mfumu Tenmu, ndipo unachitika koyamba mu 690, mu ulamuliro wa mkazi wake, mfumukazi Jito. Wa mu 2013 unali wa nambala 62, wotsatira ndi wa mu 2033.

Kodi simunaone bwalo lopanda kanthu pambali pa kachisiyo, loyalidwa miyala, lili ndi kanyumba kakang'ono pakati? Malo alipo awiri ofanana, oyandikana. Amamanga watsopano pabwalo lopanda kanthulo wakale akadali chilili, kenako usiku, magetsi atazimitsidwa, ansembe amasamutsa chinthu chopatulika cha m'kachisimo atachitchinga ndi nsalu yoyera, ndipo pambuyo pake amaphwasula wakaleyo. Ku Naiku chopatulikacho ndi kalilole wotchedwa Yata no Kagami, amene amaimira Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Banja lachifumu la Japan limati linachokera kwa iye.

Za zaka 2,000 tizisamale pang'ono. Zimachokera m'buku la Nihon Shoki la mu 720, lomwe limati Yamatohime, mwana wamkazi wa mfumu Suinin, anayendayenda m'madera ambiri kufunafuna malo oti Amaterasu akhazikike, mpaka anafika m'mbali mwa Isuzu. Imeneyo ndi nthano yopatulika ya eni ake. Akatswiri ambiri a mbiri amaika chiyambi cha kachisiyu pambuyo pake ndithu. Koma kuyambira cha m'ma 690 ndiye zolembedwa zilipo.

Mlendo_ku_Mie
Bwalolo ndinaliona aphunzitsi, ndimayesa ndi malo ongotsala. Kanyumba kaja n'kachiyani?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Kamaphimba malo a mzati wopatulika, shin no mihashira, umene umakhala pansi penipeni pa kachisi. Kachisi watsopano adzakhala pamwamba pa malo omwewo, osasuntha.

Tsabola_Wakale
Komabe aphunzitsi, ngati ndagula khasu, n'kusintha mpini, kenako n'kusinthanso khasu lenilenilo, ndinganene kuti ndi khasu la agogo? Chatsopano ndi chatsopano.

Mmisiri_wa_Matabwa
A Tsabola, ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene wakalambira pa benchi. Ine ntchito ndinaiphunzira kwa malume anga. Analipo malumikizidwe ena a mafelemu a zitseko amene iwo ankachita popanda guluu, ndipo ine ndinawaona kawiri kokha ndili mnyamata. Atamwalira ndinayesa kuwakumbukira, osatheka. Chitseko chimene anapanga chilipo mpaka lero kumudzi, ndimachiyang'ana, koma dzanja langa silidziwa pomwe anayambira. Ndiye ndikamva za zaka 20 ndimamvetsa msanga. Mnyamata amalowa ntchito ali ndi zaka 20, amanyamula matabwa ndi kunola matchizulo. Pa zaka 40 ndiye mmisiri weniweni. Pa zaka 60 akuyang'anira ndi kuphunzitsa. Munthu mmodzi amaigwira katatu, ndipo nthawi zonse pamakhala wina amene anaonapo. Akanati zaka 100, aliyense akanamayambira pa chimene chinandichitikira ine ndi chitseko cha malume.

Ndipo si nyumba zokha. Amapanganso mwatsopano zovala, malupanga, mauta, zoombera nsalu ndi zina zopatulika, zinthu pafupifupi 1,600. Osula, oluka ndi opaka utoto onse amapatsirana luso m'njira yomweyo.

NaPhiri_Osaka
Bambo Mmisiri mwalasa. Ndiwonjezereko za kamangidwe, poti ine ndapitako katatu. Kachisiyo nsanamira zake amazizika m'nthaka mwachindunji, alibe maziko amiyala ngati akachisi a Chibuda a ku Nara. Denga ndi laudzu wotchedwa kaya, matabwa ndi a mtengo wotchedwa hinoki, osapaka kanthu. Kuno kumagwa mvula yambiri ndipo chinyontho n'choopsa, ndiye mtengo wozikidwa m'dothi ndi udzu wofolera sizingapirire mpaka kalekale. Pansi pake ndi pokwezeka, chifukwa kamangidweka kanachokera ku nkhokwe zakale zosungiramo mpunga. Nditangoona chitsanzo chake ndinakumbuka nkhokwe ya agogo anga, yokwezedwa pa mphanda kuopa chinyezi ndi makoswe. Anthu a nthawi ya Tenmu ankadziwa kale kumanga pamiyala ndi kufolera ndi matailosi, Horyuji ndi umboni. Ku Ise anachita kusankha kusunga kamangidwe ka makolo awo.

A Mlendo, munalowa mu Sengukan? Ndi nyumba yoonetsera zinthu ili pafupi ndi polowera ku Geku. Muli mbali imodzi ya kachisi wa Geku yomangidwa pa msinkhu wake weniweni, ndipo umaima pafupi n'kuona zimene mipanda imabisa.

Mlendo_ku_Mie
Ayi achemwali, ndinaidutsa pothamangira basi. Zikundiwawa tsopano.

Kamwana_ka_Njiwa
Ine ndinamva kuti samenyapo msomali ngakhale umodzi. N'zoona?

Mmisiri_wa_Matabwa
Zimenezo anthu amakonda kukokomeza. Chimango chake chimagwirana ndi mano osema, inde, koma misomali yosula pamanja ndi zitsulo zokongoletsa zilipo.

Mlaliki_Wamng'ono
Pepani abale, ine nkhawa yanga ili pena. A Mlendo, mwati munasamba m'manja pamtsinje ngati anzanu. Pachipata paja munaweramanso ndi kuwomba m'manja? Ife amene timapemphera tiyenera kusamala. Kumeneko amalambira dzuwa ndi kalilole, ndipo lamulo loyamba ndi lomveka bwino.

Mlendo_ku_Mie
Sindinawombe m'manja, abusa. Anzanga anawerama kawiri, kuwomba kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Ine ndinaima pambali nditavula chipewa. Palibe anandiyang'ana moipa.

NaPhiri_Osaka
Ine ndimawerama pang'ono podutsa pa torii, zipata zamitengo zija, ndipo chikumbumtima changa sichinditsutsa. Ndikalowa pabwalo la mfumu ya kwina ndimagwada, sikuti ndasanduka mdzukulu wake. Kupemphera ndiye sindipempherako.

Mlaliki_Wamng'ono
Mayi, mfumu ndi munthu. Apa tikunena za mzimu. Ulemu ndi kulambira zimayandikana kwambiri moti munthu umatha kuwoloka malire osazindikira. Akhristu a ku Japan ndi a ku Korea anavutika nayo nkhani yomweyi m'zaka za m'ma 1930, boma litawakakamiza kuwerama pa akachisi a Shinto likunena kuti ndi mwambo wa dziko chabe. Ena anakana mpaka kumangidwa. Sindikuweruza munthu, koma tisaitenge mopepuka.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Abusa akhudza chinthu choona, ndipo ndi bwino chinenedwe kuti tisamangoyamikira mitengo ndi mitsinje. Kuyambira mu 1868, ulamuliro utabwerera m'manja mwa mfumu Meiji, boma linatenga Shinto n'kuisandutsa chida chomangira dziko, ndipo Ise anaikidwa pamwamba pa akachisi onse. Chiphunzitso choti mfumu ndi mdzukulu wa Amaterasu chinagwiritsidwa ntchito pa nkhondo zimene zinapha anthu osawerengeka ku China, ku Korea ndi kwina. Mu December 1945 mayiko a Allied, amene anagonjetsa Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, analamula kuti Shinto ichoke m'manja mwa boma. Kuyambira pamenepo Ise ndi bungwe lachipembedzo loima palokha, ndipo ndalama zomangira kachisi watsopano zimachokera ku zopereka. Nkhondo yomweyo inachedwetsa mwambo wa nambala 59, umene unayenera kuchitika mu 1949 koma unachitika mu 1953.

Komabe ubale ndi banja lachifumu sunathe. Wansembe wamkulu wamkazi, saishu, amachokera m'banjamo, ndipo kuyambira 2017 ndi Sayako Kuroda, mlongo wake wa mfumu Naruhito. Nduna zazikulu zimakonda kupitako kumayambiriro kwa January, ndipo mu May 2016 Shinzo Abe anatengera atsogoleri a G7 ku Naiku. Alipo anthu a ku Japan komweko amene amafunsa ngati zimenezi zikugwirizana ndi malamulo olekanitsa boma ndi chipembedzo.

Wakumpoto_77
Si komweko kumene dziko la China limakwiya nduna zikapitako?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Ayi, kumeneko ndi ku Yasukuni, ku Tokyo, kachisi wa mu 1869 wokumbukira ofa pankhondo. Ndi wina.

Tsabola_Wakale
Chabwino, luso ndalimva. Nanga mitengo? Zaka 20 zilizonse kugwetsa mitengo ikuluikulu masauzande ambiri chifukwa cha nyumba yoti anthu saloledwa n'komwe kuiona. Tikanachita ife akanati tikuwononga chilengedwe.

Mlonda_wa_Nkhalango
Funso limeneli ndi langa, a Tsabola, ndipo simunalakwe kwenikweni. Mitengo imene imafunika ndi pafupifupi 10,000. Kale ankaidula m'mapiri ozungulira kachisi momwemo, koma hinoki wamkulu anatha zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo anayamba kukatenga kutali, makamaka ku Kiso, m'mapiri a Nagano ndi Gifu. Ndiye Ise nayenso anadyapo nkhalango yake.

Chimene chimandigwira mtima ndi zomwe anachita mu 1923. Anakhala pansi n'kukonza dongosolo la zaka 200 lobzalanso hinoki m'nkhalango ya kachisi, imene ndi ya mahekitala pafupifupi 5,500. Amene anabzala ankadziwa kuti ngakhale zidzukulu zawo sizidzaona nsanamira yochokera pamenepo. Mitengo yooneka kuti idzakula bwino amaiika chizindikiro cha penti, n'kumapatulira yoyandikana nayo kuti ipeze dzuwa. Mu 2013 mitengo ina yopatulidwayo inalowa pa ntchito yomanga, koyamba patapita zaka pafupifupi 700 kuti matabwa achokere m'nkhalango yawo.

Ndipo akaphwasula samataya. Nsanamira zikuluzikulu zonyamula denga amazipala n'kuzisandutsa torii za mbali zonse ziwiri za mlatho wa Uji, zaka zina 20. Zikachoka apo zimakaima ku Kuwana ndi ku Seki, zaka zinanso 20. Matabwa otsala amagawira akachisi ena m'dziko lonselo.

Wakumpoto_77
Zaka 200! Ife mkungudza wa pa Mulanje tinaumaliza tikuona ndi maso.

Mlonda_wa_Nkhalango
Musandikumbutse achimwene, ndinagwirako ntchito kuphiriko. Mbande zikubzalidwa, koma moto wolusa ndi macheka sizikupereka mpata. Imeneyo tidzaitsegulire tsamba lakelake, chifukwa ndikaiyamba pano sindimaliza.

Mwana_wa_Chigwa
Ine ndine wa ku Nsanje, ndipo ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zimene a Mlendo akudandaulazi kwa ife si zachilendo. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi kanyumba kamitengo ndi udzu, kali m'nkhalango yoti munthu sudulamo mtengo, ndipo sulowamo mwachisawawa. Kakafooka, mafumu amaitanitsa anthu n'kumanganso. Palibe amanena kuti Khulubvi ndi wa dzana chifukwa udzu wake ndi watsopano. Sindikuti n'zofanana, Mbona ndi Amaterasu ndi nkhani ziwiri zosiyana kutalitali. Ndikungoti mlendo akabwera kwathu kudzafuna chipilala choti ajambule, nayenso angabwerere ali khuma ngati inu.

Mlendo_ku_Mie
Mawu amenewa andikhazika pansi, achimwene. Ndinapita ndi maso ofuna khoma lakale.

Tsabola_Wakale
Ine sindinagonjebe. Aphunzitsi, mukuti kuyambira 690 osadukiza? Dziko lomwe lija la nkhondo za asamurai?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Sindinati osadukiza. Unadukiza, ndipo kwa nthawi yaitali. M'nyengo ya nkhondo zapachiweniweni, Naiku anamangidwa mu 1462 ndipo sanamangidwenso mwa dongosolo lake mpaka 1585, zaka zoposa 120. Chuma cha mafumu chinali chitatha. Amene anautsitsimutsa mwambowu ndi masisitere a Chibuda a ku Keikoin, omwe anayenda m'dziko kupempha zopereka. Mmodzi wa iwo, Seijun, anatheketsa kumangidwanso kwa Geku mu 1563. Pambuyo pake atsogoleri ankhondo Oda Nobunaga ndi Toyotomi Hideyoshi anaponyapo chuma chawo. Taganizani, amayi a chipembedzo china, amene malamulo a nthawiyo sankawalola n'komwe kuyandikira pakachisi, ndi amene anamupulumutsa.

Tsabola_Wakale
Ndiye pa zaka 120 zimenezo amisiri atatu aja a bambo Mmisiri anali atafa onse. Luso linadutsa bwanji?

Mmisiri_wa_Matabwa
Funso labwino, ndipo landigwira. Ndikuganiza kuti zolemba za miyeso ndi kukonzakonza kwa apo ndi apo zinathandiza, koma sindingalumbire kuti chimene anamanga mu 1585 chinali ndendende ndi cha mu 690. Dzanja likasiya ntchito zaka zochuluka choncho, pena pake pamasintha.

Kamwana_ka_Njiwa
Tapatukaniko pang'ono, a Mlendo munadya chiyani kumeneko? Ndimamva za makeke ena ofiira.

Mlendo_ku_Mie
Akafuku, achemwali. Ndi mpunga wosinja wofewa, pamwamba atapakapo phala la nyemba zofiira zotsekemera, lokhala ndi mizere itatu ya zala. Akuti sitoloyo inayamba mu 1707. Ndinadyanso Ise udon, chakudya chonga supageti, mumsewu wa Oharai-machi, wonenepa, wofewa kwambiri, wa msuzi wakuda pang'ono pansi pa mbale. Poyamba ndimayesa apsereza.

NaPhiri_Osaka
Msewu umenewo uli ndi mbiri yake. M'nthawi ya Edo anthu wamba sankaloledwa kuyenda mwaufulu, koma ulendo wa ku Ise unali wovomerezeka. Midzi inkasonkha ndalama ngati chipereganyu n'kutuma oimira. Ndiye panali zaka zina, monga 1705, 1771 ndi 1830, pamene anthu ankangonyamuka mwaunyinji, antchito kuthawa mabwana, ana kuchoka osatsanzika, akudyetsedwa ndi anthu a m'njira. Mu 1830 anapitako oposa mamiliyoni anayi m'miyezi yochepa. Odwala ena ankatuma galu atamumangirira ndalama m'khosi, ndipo apaulendo ankamuperekeza mpaka kukafika ndi kubwerera. Onsewo, a Mlendo, ankathera pa mpanda ngati inuyo.

Tsiku langa loyamba ndinaima pa nsalu yoyera ija nthawi yaitali. Pafupi nane panali agogo ena aamuna, ofooka, atagwiridwa mkono ndi mdzukulu. Kamphepo kanabwera n'kukweza nsaluyo pang'ono, mwina mpaka m'chiuno, tinaona miyala yoyera ndi chipata china mkati, kenako inagwanso. Agogowo anatulutsa mpweya ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, misozi ili m'masaya. Ine sindikhulupirira zimene iwo amakhulupirira, koma sindinaiwale nkhope imene ija.

Mlaliki_Wamng'ono
Ludzu la munthu lofuna Mulungu ndi loona kulikonse, mayi. Pamenepo sinditsutsa. Pomwe tasiyana ndi pa chitsime.

Wakumpoto_77
Nanga anthu wamba a mumzindamo ali ndi gawo, kapena zonse ndi za ansembe?

NaPhiri_Osaka
Gawo lawo ndi lalikulu. Mitengo ikafika, anthu a mu Ise amaikoka ndi zingwe zazitali, ya ku Naiku kudzera mumtsinje wa Isuzu ali m'madzi, ya ku Geku pa ngolo zamatabwa mumsewu, akuimba. Mwambowu ndi Okihiki. Kachisi akatha kumangidwa, mulungu asanasamukiremo, aliyense amatenga mwala woyera wotoledwa mumtsinje wa Miya, kuukulunga m'kansalu, n'kulowa nawo mkati mwa mipanda kukauika pafupi ndi nyumbayo. Ndi mpata wokhawo pa zaka 20 umene munthu wamba amaiona pafupi. Ndipo ntchito ya 2033 inayamba kale: mu 2025 anachita miyambo yopempha chilolezo kuphiri, ndipo mitengo yoyamba anaigwetsa ku Kiso ndi nkhwangwa. Mlatho wa Uji umamangidwanso kutatsala zaka zinayi, ndiye umene munawolokawo ndi wa mu 2009.

Mlendo_ku_Mie
Ndaganiza zobwererako mwezi wamawa. Ndichite bwanji kuti ndisathamangenso ngati poyamba?

NaPhiri_Osaka
Mukagone ku Ise komweko, chifukwa zipata amatsegula 5 koloko m'mawa, gulu lisanafike. Yambirani ku Geku, kwa Toyouke, mulungu wa chakudya amene akuti anabweretsedwa kuchokera ku Tanba zaka pafupifupi 1,500 zapitazo kuti azidyetsa Amaterasu. Kumeneko ansembe amakonza chakudya cha milungu kawiri tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Moto amachita kupekesa ndi timitengo, madzi amatunga pachitsime chawo, mpunga ndi wa m'munda wawo, mchere amaphika okha ku Futami m'mbali mwa nyanja. Mukakhala ndi mwayi muwaona patali atavala zoyera akunyamula bokosi la chakudyacho. Ku Geku muziyenda kumanzere, ku Naiku kumanja. Ndipo musaiwale kuti Jingu ndi akachisi 125, osati awiri okha. Ang'onoang'ono, monga Aramatsuri no Miya kuseri kwa Naiku, mipanda yake ndi yochepa ndipo kamangidwe kamaoneka bwino.

Mmisiri_wa_Matabwa
Achimwene, mukakafika mundiyang'anireko chinthu chimodzi. Pamwamba pa denga pali mitengo iwiri yopingasa yotuluka ngati nyanga, ndi zipika zogona motsatana pamsana pa dengalo. Ndinawerenga kuti ku Naiku nsonga za nyangazo amazidula mogona ndipo zipika ndi 10, pomwe ku Geku amazidula choimirira ndipo zipika ndi 9. Zimenezo zimaoneka ngakhale uli kunja kwa mpanda. Mukaime pambali, muwerenge bwinobwino, mudzandiuze.

Mlendo_ku_Mie
Ndikawerenga, bambo. Sengukan ndiye ndikalowa ndisanakwere basi ya ku Naiku.